Helike, mzinda womwe unamira m'nyanja n'kudzapezeka pansi pa minda

Asodzi a kugombe la kummwera kwa nyanja ya Corinth, m'dziko la Greece, ankadziwa malo amodzi oyenera kuwalambalala poponya maukonde. Pansi pamadzi pamenepo panali fano lamkuwa la mulungu wawo Poseidon, lili chiimire, kudzanja litanyamula kanyama ka m'nyanja ka mutu ngati wa hatchi. Ukonde ukadutsa pamenepo unkakodwa. Amene anamva zimenezi kwa anthu owolotsa anzawo pamabwato anali Eratosthenes, katswiri yemwe ankayang'anira nyumba ya mabuku ya ku Alexandria, yemwenso anayeza kukula kwa dziko lapansi. Iye anafika pamalopa patatha zaka pafupifupi 150 chimirireni mzinda wa Helike, ndipo fanolo linali la mzinda umenewo.

Helike sunali mzinda wamasewera. Unali patsogolo pa mgwirizano wa mizinda 12 ya anthu a ku Achaea, kumpoto kwa chigawo cha Peloponnese, ndipo dzina lake likupezeka ngakhale m'ndakatulo za Homer, pamndandanda wa madera omwe anapereka zombo ku nkhondo ya ku Troy pansi pa mfumu Agamemnon. Unamangidwa pachigwa chachonde pakati pa mitsinje ya Selinous ndi Kerynites, mapiri ali kumbuyo, nyanja ili kutsogolo pamtunda wa makilomita 2, mzinda unzake wa Aigion uli makilomita 7 kuchokera pamenepo. Ana ake anafika kutali. Sybaris, mzinda wa kummwera kwa Italy womwe unatchuka ndi moyo wa mwanaalirenji, unakhazikitsidwa cha m'ma 720 BC ndi gulu lomwe mtsogoleri wake anali wa ku Helike. Mzindawu unkasulanso makobidi akeake: mbali ino mutu wa Poseidon, mbali inayo mkondo wake wa nsonga zitatu uli pakati pa nyama ziwiri za m'nyanja zotchedwa dolphin.

Chomwe chinkaupatsa ulemu koposa chinali kachisi wa Poseidon ndi nkhalango yake yopatulika. Kwa Agiriki, mulunguyu anali mwini nyanja, komanso ndi amene ankagwedeza dziko. Tsidya lina la nyanja ya Aegean, komwe lero ndi gombe la Turkey, kunali anthu a ku Ionia omwe ankati makolo awo anachokera kuderali atapirikitsidwa ndi anthu a ku Achaea. Kumene anakakhalako sanasiye kupembedza Poseidon Helikonios. Pachikondwerero chawo chachikulu ankapha ng'ombe yamphongo, ndipo ikakuwa mwamphamvu pokokeredwa kuguwa, ankati mulungu wailandira nsembeyo. Anthu a ku Ionia amenewa musawaiwale, mlandu wawo ukubwera.

Tsoka linagwa m'nyengo yachisanu ya 373 BC, kutatsala zaka ziwiri kuti ichitike nkhondo ya ku Leuctra yomwe inathyola msana wa mzinda wamphamvu wa Sparta. Mlembi wina wa ku Rome, Aelian, akuti kutatsala masiku asanu tizilombo ta mumzindamo tinayamba kusamuka: mbewa, alikongwe, njoka, anamkalizi, zikumbu, zonse zili pamdipiti mumsewu wokwera kumapiri wopita ku Keryneia. Eni mzinda ankangoonerera modabwa, osadziwa kuti zikutanthauzanji. Nkhaniyi imakoma kuifotokoza, ndipo imatchulidwa kawirikawiri anthu akamakambirana ngati nyama zimamva chivomerezi chisanafike. Tingokumbukira kuti Aelian ankalemba patadutsa zaka pafupifupi 600, ndiponso kuti mpaka lero asayansi sanapeze njira yodalirika yolosera chivomerezi poyang'ana khalidwe la nyama.

Chivomerezicho chinabwera usiku, anthu ali m'tulo. Wolemba mbiri yakale, Diodorus wa ku Sicily, akufotokoza kuti mdima ndi umene unakulitsa imfa, chifukwa munthu sankaona kothawira, ndipo ambiri anafera m'nyumba zawo makoma atawagwera. Kutacha, amene anapulumuka anatuluka m'mabwinjamo akuganiza kuti zatha. Apa ndi pomwe nyanja inakwera. Strabo, mlembi wakale wa za maiko, potengera mawu a Heraclides yemwe anali moyo nthawi imeneyo, akuti chigwa chonse cha pakati pa mzinda ndi nyanja chinamira pamodzi ndi mzindawo. Pausanias, Mgiriki yemwe analemba za maulendo ake, akuwonjezera kuti m'nkhalango ya Poseidon munkangooneka nsonga za mitengo pamwamba pamadzi. Zombo 10 zankhondo za ku Sparta zomwe zinaima pafupi zinapita nawo. Anthu a ku Achaea anatumiza amuna 2,000 kuti akatole mitembo, koma anabwerera chimanjamanja. Kwa Mgiriki, yemwe ankakhulupirira kuti wakufa wosaikidwa m'manda sapuma, ili linali tsoka lachiwiri pamwamba pa loyamba.

Usiku womwewo unagwanso mzinda wa Boura, womwe unali kumtunda chakumapiri. Kumeneko anatsala ndi okhawo omwe anali kunkhondo kapena paulendo, ndipo atabwerera anaumanganso. Helike analibe woumanga. Minda yake yotsala anagawana oyandikana nawo, gawo lalikulu n'kupita ku Aigion, mzinda womwe pambuyo pake unasanduka malo osonkhanirapo mgwirizano wa Achaea.

Funso lomwe linavutitsa Agiriki linali lodziwikiratu. Zatheka bwanji kuti mwini nyanja ndi zivomerezi amize mzinda womwe unkamusungira kachisi? Yankho lomwe linafala linali lakuti eni mzinda anamulakwira. Tsokalo lisanachitike kunabwera nthumwi za ku Ionia kudzapempha fano la Poseidon, kapena chifaniziro chabe cha kachisi ndi guwa lake, kuti akamangire lawo kwawo. Anthu a ku Helike anakana. Nthumwizo zinakadandaula ku msonkhano wa mizinda yonse ya Achaea, ndipo msonkhanowo unagamula kuti apatsidwe, koma a ku Helike anatemetsa nkhwangwa pamwala. Diodorus akuti anali ndi chifukwa chawo: panali ulosi wakale wakuti tsiku lomwe anthu a ku Ionia adzapereke nsembe paguwa lawo, mzinda udzaona zakuda.

Chochititsa chidwi n'chakuti mlanduwu umakula malinga ndi kutalika kwa zaka. Kwa Heraclides, mboni ya nthawi yomweyo, tchimo lake ndi kukana basi. Kwa Diodorus, patapita zaka zoposa 300, anthu a ku Helike anamwaza katundu wa alendowo n'kuwagwira. Pofika kwa Pausanias ndi Aelian, nkhani yafika pa magazi: anthu anaphedwa pamalo opatulika. Ndikuona ngati mbadwo uliwonse unkamva kuti chilangocho chaposa mlandu, ndiye unkathirako mchere kuti ziwirizo zilingane. Ngakhale Pollis, mkulu wa zombo za Sparta yemwe akuti anamira komweko, anamupezera tchimo lake: ankati ndi uja anagulitsa wafilosofi Plato ngati kapolo. Akufa sakanadziyankhira, ndipo amene analandira minda yawo analibe chifukwa chotsutsira nkhani yoti eni ake anadziputira okha.

Si onse anakhutira ndi yankho limeneli. Wafilosofi Aristotle anali mnyamata wa zaka 11 pamene izi zinkachitika, ndipo atakula analemba za tsokali pamodzi ndi nyenyezi yaikulu yamchira yomwe inaoneka kumwamba m'nyengo yomweyo. Iye ankati zivomerezi zimayamba ndi mphepo yotsekeredwa pansi pa dziko, ndipo ku Achaea mphepo zinalimbana, ina n'kukankhira madzi kutali, kenako madziwo n'kubwerera mwaukali. Za mphepozo analakwitsa. Koma anafunafuna chifukwa m'nthaka ndi m'madzi momwemo, osati mumtima wa mulungu, ndipo m'menemo ndi momwe yankho linalidi.

Nyanja ya Corinth ndi mng'alu waukulu womwe ukunka nukula. Chigawo cha Peloponnese chikutalikirana ndi Greece wapakati ndi sentimita imodzi kapena kuposerapo pang'ono chaka chilichonse, ndipo malo ena nyanjayi ndi yakuya kuposa mamita 800. Nyanja ya Malawi nayo ili mumng'alu wa mtundu womwewu, kungoti wa Corinth ukutseguka mofulumira kangapo. Dziko likamakokeka chonchi, limathyoka m'mizere, mbali ina n'kukwera, inzake n'kutsika. Umodzi mwa mizere imeneyi ukudutsa m'tsinde mwenimweni mwa mapiri a kumbuyo kwa Helike. Chivomerezi chikachitika, mapiri amakwera pang'ono, chigwa n'kutitimira.

Chigwacho nachonso si nthaka yolimba. Ndi mchenga, matope ndi nsangalabwi zomwe mitsinje ya Selinous, Kerynites ndi Vouraikos yakhala ikukokolola kumapiri n'kuunjika kumathiriro ake, zonse zili zonyowa chifukwa madzi ali pafupi. Amene anapondapondapo pamchenga wonyowa kudooko akudziwa zomwe zimachitika: poyamba pamakhala pogwira, ukapitiriza pamafewa, madzi n'kutulukira pamwamba, phazi n'kuyamba kulowa. Chivomerezi chimachita zomwezo ku chigwa chonse nthawi imodzi. Timchenga timalekana, madzi n'kusenza kulemera konse, ndipo nthaka imaleka kunyamula nyumba. Anthu a ku Karonga anazionako m'zivomerezi za mu Disembala 2009, pomwe nthaka inang'ambika n'kumalavula mchenga ndi madzi. Kugombe lotsetsereka ngati la ku Helike pali vuto linanso: mulu wa matope wa pansi pamadzi ukhoza kugumuka n'kutsetserekera kwakuya, ndipo madzi okankhidwawo amabwerera kumtunda ngati funde lalikulu, lija timati tsunami. Mu Febuluwale 1963 funde lotere linamenya gombe la pafupi ndi Aigio, dzina la lero la Aigion, popanda n'chivomerezi chomwe, matope atangogumuka okha.

Chigwa cha Helike chinaonetsanso khalidwe lake pa 26 Disembala 1861. Julius Schmidt, yemwe ankatsogolera malo owonera zakuthambo ku Athens, anapita kukaona chivomerezi chitangochitika. Anapeza mng'alu wa makilomita pafupifupi 13 m'tsinde mwa mapiri, chigwa chitatsika mpaka mamita 2 malo ena, timilu ta mchenga wolavulidwa tili mbwee, ndipo m'mphepete mwa gombe mutamira, mitengo ikungooneka nsonga. Zinali zomwe Pausanias analemba, kungochepa msinkhu.

Tsono ngati mzinda unamira pafupi ndi gombe chonchi, unasowa bwanji? Poyamba sunasowe ayi. Ovid, mlakatuli wa ku Rome, akuti amalinyero ankalozera apaulendo makoma ake pansi pamadzi. Pausanias, patatha zaka zoposa 500, anaona mabwinjawo, ngakhale kuti madzi amchere anali atawadya. Kenako mbiri ingoti zii. Apaulendo a zaka za m'ma 1800 ankafika pagombepo, kuyang'ana m'madzi, osaona kanthu.

Akatswiri ofukula zakale anaufunitsitsa mzindawu, ndipo chifukwa chake n'chomveka. Mafano aakulu amkuwa a Agiriki ambiri anasungunulidwa ndi mibadwo yotsatira kuti apangire zida ndi ziwiya; ochepa omwe tili nawo lero, ambiri anavuulidwa m'nyanja. Mzinda womwe unamira usiku umodzi, wosafunkhidwa, wosamangidwanso pamwamba, ukanakhala nkhokwe ya zinthu za nthawi ya Plato zili momwe eni anazisiyira. Spyridon Marinatos, yemwe mu 1967 anayamba kufukula mzinda wa Akrotiri wokwiriridwa ndi phulusa la phiri lamoto pachilumba cha Thera, anataya zaka zambiri akusakasaka Helike. Anagwirapo ntchito ndi Harold Edgerton wa ku yunivesite ya MIT ku America, katswiri wa makina a sonar, aja amatumiza phokoso pansi pamadzi n'kujambula zomwe lagunda. Marinatos anamwalira mu 1974 asanaupeze. Onsewa ankayang'ana m'nyanja, poti mabuku ankati mzinda uli m'madzi.

Mu 1988 Dora Katsonopoulou, katswiri wofukula zakale wochokera kudera lomwelo, anagwirizana ndi Steven Soter, wasayansi ya zakuthambo wa ku America, n'kuyambitsa ntchito yotchedwa Helike Project. Nawonso anayambira m'nyanja ndi sonar, ndipo sanapeze mzinda. Kulephera kumeneku ndi komwe kunawatembenuza. Katsonopoulou anawerenganso mawu a Strabo, yemwe anasunga nkhani ya Eratosthenes ija, n'kuona kuti madzi omwe anthu aja ankawolotsapo mabwato sayenera kukhala nyanja yeniyeniyo. Akhoza kukhala thamanda la kumtunda, lolumikizana ndi nyanja. Ukaganizira bwino zimamveka. Gombe la kumeneko limatsetsereka msanga kupita kwakuya. Fano lomwe linakokoloka kufika kumeneko silingakhale chiimire, msodzi sangalione, ndipo mlendo wa m'bwato sangaloze makoma. Madziwo anali osaya. Chigwa chitatitimira, nyanja inalowa n'kupanga thamanda pamwamba pa mzinda. Ndiye mitsinje itatu ija sinaleke ntchito yake. Chaka ndi chaka inkathira matope ndi miyala m'thamandamo mpaka linadzaza, linauma, anthu n'kudzalapo mpesa, azitona ndi malalanje. Ofunafuna mzinda ankaponda pamwamba pake popita kukakwera bwato.

Kutsimikiza zimenezi kunali kwa pang'onopang'ono. Kuyambira 1991 gululi linkaboola nthaka ndi makina m'malo osiyanasiyana pachigwapo, mabowo pafupifupi 100, n'kumatulutsa dothi la pansi kuti aone zomwe lasunga. M'dothimo munkatuluka timapale ta mbiya, ndiponso tizigoba ta tizilombo tating'onoting'ono tomwe timakhala m'madzi osakanikira, amchere ndi a mumtsinje. Tizigoba timeneti ndi tomwe tinachitira umboni thamanda lija. Mu 1995 anafukula nyumba ya nthawi ya Aroma, kenako msewu wa Aroma wodutsa pachigwapo. Mu 2001, pafupi ndi mudzi wa Rizomylos, pamtunda wa pafupifupi kilomita imodzi kuchokera kugombe la lero, anafika pa zomwe ankafuna. Pakuya kwa mamita 3 panali makoma a miyala ogumuka, matailosi a denga, mbiya ndi makobidi a nthawi ya tsoka lija, zonse zitaphimbidwa ndi dongo la m'thamanda. Kukumba kwake n'kovuta, chifukwa dzenje likangozama madzi amatumphuka, ndipo mapampu amayenera kulira nthawi yonse. Malowo ndi minda ya anthu, moti sungangokumba paliponse pomwe wafuna.

Chaka chomwecho anapeza chinthu chomwe sankachiyembekezera. Chapafupi pomwepo, pakuya kwa mamita 3 mpaka 5, panali tauni ina yakale kwambiri, ya pakati pa 2600 ndi 2300 BC, yokhala ndi nyumba za makona anayi zondandalikana m'mbali mwa misewu yoyalidwa miyala. M'nyumbazo munali mitsuko ikuluikulu yosungiramo chakudya ili m'malo mwake, tizokongoletsera tagolide ndi siliva, komanso chikho chachitali cha zogwirira ziwiri chofanana ndi zomwe zinapezeka ku Troy, chizindikiro chakuti anthuwa ankachita malonda ndi akutali. Tauni imeneyinso inaphimbidwa ndi matope okhala ndi tizigoba ta m'madzi amchere. Zikuoneka kuti zomwe zinachitika mu 373 BC zinali zitachitikapo kale pamalo omwewo, zaka pafupifupi 2,000 m'mbuyo, ndipo omanga Helike wachiwiriyo sankadziwa zomwe zinali pansi pa maziko awo.

Pali zomwe akatswiri sanagwirizanebe. Ena amati kutitimira kwa chigwa ndi kumene kunamiza mzinda, funde linangomalizitsa. Ena anafufuza dothi la m'deralo n'kunena kuti zizindikiro za tsunami wamkulu sizikuoneka mokwanira. Palinso amene amati madziwo sanachokere kunyanja konse: chivomerezi chinagumula mapiri, zigumukirezo zinatseka mtsinje, ndipo chotchingacho chitaphulika napolo anatsika ndi matope n'kukwirira mzinda. Ganizo lomalizali limandivuta pang'ono, chifukwa alembi akale onse amaloza kunyanja, ndipo zombo za Sparta zija sizinali kumapiri. Komabe usiku umodzi ukhoza kunyamula zonsezi pamodzi. Tinenenso mosabisa kuti zomwe zafukulidwa za mzinda wa 373 BC ndi zidutswa za m'maenje ochepa, si mzinda wathunthu ngati Pompeii, wa ku Italy uja womwe unakwiriridwa ndi phulusa la phiri lamoto. Bwalo lake lalikulu silinaoneke. Ku Nikoleika, mudzi wina wa pachigwa chomwecho, akatswiri a boma la Greece anafukula kachisi wa cha m'ma 700 BC womangidwa pamwamba pa guwa la njerwa zosawotcha lakale kuposa iyeyo, ndipo ena amaganiza kuti kupembedza Poseidon kunayambira pamenepo.

Dzina la Atlantis silichedwa kutuluka pankhaniyi. Plato anali ku Athens, bambo wa zaka za m'ma 50, pamene mbiri ya Helike inali m'kamwam'kamwa, ndipo patangopita zaka zochepa analemba za chilumba cha Poseidon chomwe chinamira ndi zivomerezi ndi madzi usana umodzi ndi usiku wake. N'zotheka ndithu kuti anatapako. Koma Atlantis linali fanizo lophunzitsira za kudzikuza kwa maufumu, pomwe Helike ili ndi makobidi, matailosi ndi mitsuko yomwe munthu angaigwire m'manja.

Chomwe zofukulidwazi zatsutsa poyera ndi ganizo lakuti deralo linasanduka bwinja mpaka kalekale. Mu 2003, ku Valimitika, chakumadzulo kwa chigwachi, anapeza nyumba yaikulu yonyikiramo nsalu mu utoto, yokhala ndi maenje omangidwa bwino, timiyala tolemetsa ulusi powomba ndi makobidi ambiri. Inayamba kugwira ntchito patangopita zaka makumi ochepa chichitikireni tsoka lija, kutanthauza kuti anthu ankawomba ndi kugulitsa nsalu m'mbali mwa thamanda lomwe munali mitembo ya agogo awo. Nthaka yachonde ndi madzi apafupi sizisowa mwini. Aroma anamangapo, ndipo lero pali midzi ya Eliki, Rizomylos, Rodia, Nikoleika ndi Valimitika. Bungwe la World Monuments Fund linaika Helike pamndandanda wa malo akale 100 omwe ali pachiopsezo mu 2004 ndi 2006, ndipo nthawi imeneyo choopsa chake sichinali nyanja koma zomangamanga za masiku ano, makamaka njanji yatsopano yolowera kumzinda wa Patras.

M'bandakucha wa pa 15 Juni 1995, ntchito yofunafuna mzindawu ili mkati, chivomerezi choposa 6 pa sikelo yoyezera zivomerezi chinagwedeza Aigio ndi midzi yozungulira. M'mphepete mwa gombe nthaka inang'ambikanso n'kulavula mchenga. Anthu 26 anafa, 16 m'nyumba yosanjikizana ya mumzinda wa Aigio, ndipo 10 anali alendo ochokera ku France omwe anagona mu hotela ina ku Valimitika.